Fumbi la ku Mkaika ndi Tulo ta pa Benchi

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Mkaika sakhala mudzi wamba. Kukatsala masiku owerengeka, msewu wa Great East Road umayamba kudzaza. Malole onyamula anthu ndi ng'oma kuchokera ku Dedza, ku Kasungu ndi ku Mchinji amalowera pachipata cha Mwami, a ku Tete amadzera ku Chanida, ndipo a kuno kwathu ku Katete, a ku Sinda, ku Chadiza ndi ku Vubwi amafika panjinga, pangolo, ena wapansi. Anthu amagona m'misasa ya udzu, madzi osamba n'kuchita kulimbirana, fumbi n'kulowa mpaka m'mano. Dzuwa likakwera, mthunzi umakhala wa anthu ochepa. Koma khamu lonse lija limaima chiimire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali pabwalo, ndipo simudzamva munthu akufunsa mnzake kuti kodi zimenezi zitha nthawi yanji.

Mwambo umenewu wa Kulamba ndi wakale, koma unadukizapo. Boma la atsamunda linauletsa mu 1934, ndipo unakhala uli zii kwa zaka 50 mpaka Kalonga Gawa Undi X anaudzutsanso mu 1984. Kuchokera pamenepo wakula kwambiri, moti mu 2007 apulezidenti atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi ku Mkaika. Alendo ambiri amakokedwa ndi gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005. Koma phata la tsikuli si makanja kapena kasiyamaliro. Phata lake ndi mafumu a Achewa ochokera m'maiko atatu, kubwera kudzaonekera pamaso pa Kalonga, kutula mitulo, ndi kunena za anthu awo: mvula inagwa bwanji, nkhokwe zili bwanji, kwagwa matenda anji, mtendere ulipo kapena ayi.

Mfumu yopita kukanena zotere siyamba kuganiza ili kale pakhomo la bwalo. Imayambiratu kumudzi kuitana nduna ndi anyakwawa, kufunsa, kusonkhetsa, kukonza zovala ndi mawu omwe. Ikafika, siyankhula maso ali kwina. Ngakhale mfumu imene kwawo anthu amaigwadira, apa imadzichepetsa n'kuwomba m'manja, chifukwa ikudziwa kuti ilipo ina yoiposa, ndipo kuti dziko limene ikulamulira inachita kusungitsidwa.

Tsiku lotsatira limakhala Lamulungu. Ambiri mwa anthu aja anaima padzuwa ndi Akhristu, ine mmodzi wa iwo, ndipo m'mawa mwake timakhala pa mabenchi a m'matchalitchi athu, pamthunzi, pansi pa malata abwino. Ulaliki usanafike n'pakati pomwe, mitu yayamba kale kugwa. Wina wabisa foni kunsi kwa buku la nyimbo. Wina maso ali kwa abusa koma mtima uli pa matumba a soya amene sanamulipire. Za Lamulungu limenelo n'zomveka, thupi latopa ndi ulendo. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti masabata ena onse a chaka amafanana nalo.

Anthu amati masiku ano munthu sangathenso kumvetsera nthawi yaitali, ati mafoni anationonga mitu. Zimene ndimaona ku Mkaika zimandikaniza kuvomera zimenezo. Anthu ake ndi omwewo, mafoni ake ndi omwewo, koma amatha kuima tsiku lathunthu osaphonya kanthu, ndipo pobwerera amafotokoza zonse mwatsatanetsatane, kuti mfumu yakuti inalowa motere, yakuti inatula chakuti. Mphamvu yotchera khutu tikadali nayo. Chimene chazilala mwa ife ndi mantha abwino aja, odziwa kuti taima pamaso pa wina amene adzatifunsa. Mkhristu amene sayembekezanso kufunsidwa, kaya ndi Mulungu kaya ndi mbale wake, amagona ngakhale maso ali tong'o.

Ndinakulira mu mpingo wa Reformed Church in Zambia, umene akuluakulu ankangoutchula kuti wa Dachi. Unayambira ku Magwero pa 5 Julayi 1899, kenako Madzimoyo mu 1903, ndi Nyanje, amene lero ali m'boma la Sinda, mu 1905. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922, ndipo mu 1929 a Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa kuno mu mpingowu. Kumpoto kwathu, ku Msoro, wansembe wa Anglican wochokera ku Nyasaland, Leonard Kamungu, anatsegula mishoni, n'kumwalirira komweko mu 1913 asanakhaleko n'komwe zaka zambiri. Zaka zimenezi ndimazitchula pofuna kukumbukira kuti Chikhristu kuno si chakale kwenikweni. Ambuya anga, amayi a mayi anga, anakula akuwaona ndi maso anthu amene anali oyamba kubatizidwa m'midzi yawo.

Nthawi imeneyo kulowa mpingo kunali ndi mtengo wake. Munthu ankakhala m'kalasi nthawi yaitali, ena zaka, akuphunzira katekisima ndi kuwerenga, akulu a mpingo akuyang'ana mayendedwe ake. Mnyamata wolowa kalasi ankadziwa kuti akusiyana ndi anzake a kudambwe, ndipo mwina atsibweni ake sadzamuyankhulanso bwino. Sindikufuna kudzutsa mkangano wakale wa mishoni ndi Nyau, pakuti mabala ake anali mbali zonse ziwiri, ndipo lero ambiri a ife timapita ku Mkaika tili Akhristu, tikunyadira Uchewa wathu. Ndikungonena kuti mbali zonsezo panalibe wosewera. Wa kudambwe ankadziwa chimene akusunga, wa kukalasi ankadziwanso chimene wasankha. Pa sabata la Mgonero anthu ankanyamuka Lachisanu kapena Loweruka, ufa pamutu, mwana kumsana, kukagona pafupi ndi tchalitchi kuti adzikonze. Amene anali pa chidani ndi mnzake ankayamba wakambirana naye asanayandikire gome.

Ambuya anali ndi chizolowezi chimodzi chimene ndimachikumbukira koposa zonse. Miyendo itayamba kuwavuta, sankafikanso kutchalitchi sabata ndi sabata. Tikabwerako tinkawapeza ali pamphasa pakhonde, ndipo nsima isanafike ankandiitana monga agogo amaitanira mdzukulu wamwamuna.

"Amuna anga, bwerani kuno. Abusa awerenga pati lero?"

"Awerenga Luka, ambuya."

"Luka ndi wamkulu, mwana wa mwana wanga. Luka pati? Nanga anena kuti chiyani? Nanga inu mwatolapo chiyani choti mundigawireko ine wotsala?"

Mafunso atatu amenewa ankasintha kakhalidwe kanga konse pabenchi. Ndinkamvetsera chifukwa ndinkadziwa kuti kunyumba kuli munthu amene akudikira, ndipo sangakhutire ndi yankho lakuti "zinali bwino". Iwo sankadziwa mawu akuluakulu a zaumulungu. Ankangodziwa kuti mawu amene sunawabwereze pakamwa pako sakhala ako, ndiponso kuti mwana amene safunsidwa amaleka kumva. Ndikamaona makolo lero akutuluka m'tchalitchi ndi ana awo, nkhani ili pa ndiwo, pa mpira kapena pa chitenje chimene wavala mayi wakuti, ndimaona kuti chinthu chaching'ono chimenechi chinatayika mwakachetechete, popanda wochiletsa ngati mmene atsamunda analetsera Kulamba, ndipo palibe amene wachidzutsa.

Pa 29 Disembala 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo a dziko. Kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse pa 18 Okutobala. Ambiri anakondwera nazo, ndipo sindikuwatsutsa. Koma tiyeni tione chimene zimenezi zachita mumtima mwa munthu wamba. Lero msonkhano wa kopaletivu wokambirana za feteleza umayamba ndi pemphero. Msonkhano wa chipani umayamba ndi pemphero. Basi ya ku Lusaka isananyamuke, mlaliki amakwera n'kupempherera ulendo. Dzina la Yesu lili pa minibasi, pa golosale, pa saluni. Kukhala Mkhristu sikumuchotseranso munthu kalikonse. Kumene kungamuvute ndi kunena kuti sapemphera. Chinthu chikafika pamenepo, munthu amachizolowera, ndipo chozolowereka sachiyang'ananso kawiri.

M'buku la Chivumbulutso muli kalata yopita ku mpingo wa ku Laodikaya. Mpingo umenewu sunadzudzulidwe chifukwa cha chiphunzitso chonama kapena chifukwa chothawa mazunzo. Unadzudzulidwa chifukwa unali wofunda chabe, ndipo unkadziyesa wolemera, wosasowa kanthu. Mzindawu unalidi wachuma. Utagwetsedwa ndi chivomerezi cha m'chaka cha 60, wolemba mbiri wachiroma Tacitus akuti unadzimanganso ndi chuma chake, osalandira thandizo la ku Roma. Mzimu wa mzinda unalowa mu mpingo. Ife a ku Katete sitili olemera ndalama, koma tili olemera matchalitchi, makwaya, mayunifolomu ndi mapulogalamu a pawailesi, ndipo chuma chimenechinso chikhoza kumunamiza munthu kuti wakhuta. Chodabwitsa m'kalata ija n'chakuti mwini mpingo akuoneka ali kunja, akugogoda, pamene mkatimo mapemphero akupitirira monga mwa masiku onse.

Tsono za zosokoneza. N'zosavuta kuloza achinyamata, ndipo zoloza zilipo. Loweruka ndi Lamulungu masana, pa Katete boma ndi pa Sinda, anyamata amadzaza m'tinyumba toonetsa mpira wa ku England, ambiri ali ndi tikiti yobetcha m'foni, mtima uli dyokodyoko kudikira chigoli cha timu imene sadzaiona n'komwe ndi maso. Ndalama ya mtedza imathera pamenepo. Atsikana ndi anyamata omwe amagona mochedwa ndi TikTok ndi Facebook, m'mawa n'kudzuka mutu uli wolemera. Ngakhale mavesi amene timatumizirana pa WhatsApp m'bandakucha, ambiri timangoyankha "Amen" tisanawerenge, n'kutumiza kwa ena, ngati kuti kupatsira mnzako mawu ndiye kuti wawamva.

Koma ife akuluakulu tili ndi zathu zotisokoneza, ndipo n'zoopsa kuposa za ana chifukwa zimavala zovala za mpingo. Komiti ya zomangamanga, pepala la zopereka, kukonzekera msonkhano waukulu, mpikisano wa makwaya, mkangano wa amene akhale mlembi. Munthu akhoza kukhala patchalitchi masiku ambiri pa sabata koma osakhalapo chete pamaso pa Mulungu ngakhale kanthawi kophika tiyi. Marita wa ku Betaniya sanasokonezedwe ndi tchimo. Anasokonezedwa ndi ntchito yophikira Yesu yemweyo. Ndimaganiza za amayi a Chigwirizano amene pamaliro ndi pamisonkhano amakhala kumoto kuyambira usiku, ulaliki wonse n'kuwadutsa ali ku mapoto. Ntchito yawo ndi yopatulika, ndipo popanda iwo mpingo sungayende. Koma ndani amawafunsa ngati nawonso adyako chakudya cha mzimu? Mpingo umene umangoyamikira manja a munthu osafunsa za mtima wake umamuthandiza kufota.

Chaka cha 2024 chinandiphunzitsa kuti foni si muzu wa vutoli. Mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo pa 29 Febuluwale a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mawailesi akanema anali zii, mafoni ankafa. Ngati zipangizozi ndizo zinkatilepheretsa kupemphera, imeneyo inali nthawi yoti mabanja abwerere ku Buku Lopatulika madzulo. Mabanja ena anaterodi. Koma ambiri tinkangofunafuna kumene kuli sola kuti titchajitse, n'kukhala pamzere kudikira. Mtima umene ulibe chimene ukusunga umafuna chilichonse choudzaza. Ukachotsa chimodzi, upeza china.

Mlimi aliyense wa kuno amamudziwa kaufiti. Timaluwa take tofiira tikamaoneka pakati pa mizere, ntchito yoipa amakhala ataigwira kale pansi. Njere zake, zazing'ono ngati fumbi, zimatha kugona m'nthaka zaka zambiri, ndipo zimamera zikamva kuti mizu ya chimanga ili pafupi, n'kudziphatika kumizuko ndi kuyamba kuyamwa. Chimanga chimapinimbira, masamba n'kufota, mwini munda n'kumati ndi dzuwa. Alangizi a zaulimi amatiuza kuti kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndipo kuzula kokha sikumuthetsa. Pamafunika kuzula asanachite maluwa, inde, komanso kuthira manyowa ndi kusinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena soya kuti nthaka ibwerere mwakale. Zosokoneza za moyo wauzimu zimagwira chimodzimodzi. Zimayamba kuyamwa mobisika munthu akadayimbabe kwaya, akadaperekabe chakhumi, ndipo zimakula msanga mumtima woguga. Abusa akhoza kulalikira motsutsa foni ndi kubetcha chaka chonse, koma ngati nthaka siidyetsedwa, chaka chamawa pamera china.

Chilala chija chinaonetsanso mbali ina. Miyezi imene thambo linali gwa, matchalitchi anadzaza. Anthu anasala kudya, anagwada m'fumbi, analira moona mtima, ndipo ndikukhulupirira kuti Mulungu anamva. Dzinja lotsatira mvula inagwa bwino, ndipo mu 2025 dziko linakolola chimanga choposa kawiri cha chaka cha chilala. Nkhokwe zitadzaza, mapemphero a pakati pa sabata anayamba kuchepa anthu mpaka kutsala nkhalamba zochepa ndi wogwira makiyi. Zimenezi si zachilendo. Mose anawachenjezeratu Aisraeli kuti ngozi yawo yaikulu idzabwera akadzadya n'kukhuta m'dziko labwino. Komabe zimandipweteka, chifukwa zimasonyeza kuti ambiri timamudziwa Mulungu ngati wothandiza pa tsoka, osati ngati mwini wake wa moyo wathu amene tiyenera kuonekera pamaso pake, kaya nkhokwe ili yodzaza kaya ili pululu. Mfumu ya ku Vubwi kapena ya ku Kasungu sipita ku Mkaika chaka cha njala chokha.

Nanga munthu amadzuka bwanji ku tulo totere? Sindikhulupirira kuti yankho ndi msonkhano wina wachitsitsimutso wokhala ndi zokuzira mawu zazikulu. Yotere timakhala nayo chaka ndi chaka. Imatenthetsa masiku atatu, kenako aliyense amabwerera pa benchi lake. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi chaching'ono, ndipo chimafanana ndi chimene ambuya ankachita: kudziika pamalo pamene udzafunsidwa.

Ndikudziwa abambo angapo a m'dera lina kufupi ndi phiri la Mphangwe amene anagwirizana kuti azikumana kamodzi pa sabata dzuwa lisanatuluke, asanapite kumunda. Alibe komiti, alibe msungichuma. Amawerenga chaputala chimodzi mokweza, mosinthana, kuti wosadziwa kuwerenga amvenso. Kenako aliyense amafunsidwa ndi mnzake, ndipo mafunso ake si ozungulira. Achimwene, sabata ino mwapemphera ndi banja lanu? Ngongole ija mwabweza? Mlamu wanu uja munakangana naye za malire a munda, mwakamuona? Mmodzi wa iwo anandiuza kuti poyamba ankachita manyazi, koma tsopano akamafuna kuchita chinthu chokhota amakumbukira nkhope za anzake aja, ndipo nkhopezo zimamukumbutsa nkhope ina yaikulu. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya kukhala maso mwauzimu mawuwa ndi oona kotheratu: wogona sadziwa kuti wagona, amachita kudzutsidwa ndi wina.

Nthawi nayo iyenera kukhala ndi dzina. Kulamba kukanakhala kwa tsiku lililonse limene mfumu yapeza mpata, bwenzi kulibe. Kumachitika chifukwa tsiku lake linakhazikika, ndipo zina zonse zimapatuka. Pemphero la "ndikapeza nthawi" silipempheredwa. Kwa mlimi, mwina ndi m'bandakucha khasu lisanakwere paphewa. Kwa mayi wogulitsa tomato pamsika, mwina ndi madzulo ana atadya, nyali isanazime. Kwa mwana wasukulu, mwina ndi pamene akuvala yunifolomu. Kutalika kwake kulibe kanthu kwenikweni. Chachikulu n'chakuti nthawiyo ikhale yosabwereketsa. Ndipo amene Baibulo lake lili m'foni adziyese yekha moona. Ngati akatsegula Masalimo uthenga n'kulowa, iye n'kuthamangira uthengawo, ndi bwino abwerere ku buku la mapepala, kapena atseke intaneti kufikira atamaliza. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Munthu amene akudziwa kufooka kwake n'kudzitchinjiriza ndi wanzeru kuposa wodziyesa wolimba.

Pali chinanso chimene chimadzutsa mtima kuposa ulaliki uliwonse, ndicho kupita kumene kuli ululu. Chipatala cha St Francis ku Katete chakhala chikulandira odwala kuyambira 1948, ndipo chimayendetsedwa ndi a Anglican pamodzi ndi a Katolika, chinthu chimene pachokha ndi phunziro kwa ife okonda kulimbana za mipingo. Kumeneko kumabwera anthu ochokera kutali, ena opanda wachibale pafupi. Khalani pambali pa bedi la munthu wotere, mum'mwetse phala, mumve akupemphera ndi mawu otsala pang'ono kutha, ndipo mudzatuluka mukudziwa kuti zimene timayimba Lamulungu si nyimbo chabe. Simufunika n'komwe kufika kuchipatala. M'mudzi uliwonse muli nkhalamba imene inasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha miyendo, ndipo dzina lake likadali m'kaundula koma pakhomo pake sipafika munthu. Chikhulupiriro chimene sichikhudza thupi la munthu wina chimazizira msanga, pakuti chimasanduka maganizo okhaokha.

Sindikufuna kuti wina amve ngati zonsezi ndi mphamvu za munthu. Ku Getsemane ophunzira atatu amene ankamukonda Yesu koposa anagona pa ola limene iye ankawafuna kwambiri, ndipo Luka akunena kuti chinawagoneka ndi chisoni. Alipo ambiri pa mabenchi athu amene tulo tawo si ta ulesi. Ndi amayi amene anaika ana m'manda, abambo amene thonje lawo linagulidwa pa mtengo wolira nawo, achinyamata amene anamaliza Giredi 12 n'kukhala pakhomo zaka popanda ntchito. Anapemphera, sanaone yankho, ndipo mtima unaphunzira kusayembekeza kanthu kuti usapwetekedwenso. Otere safunika kukalipiridwa kuchokera paguwa. Yesu anawapeza ophunzira aja ali m'tulo kangapo konse, koma sanawachotse. Anawadzutsa, ndipo ndi omwewo amene pambuyo pake anawatuma ku dziko lonse. Apa ndi pamene Mfumu yathu imasiyana ndi mafumu onse a pansi pano. Kwa Kalonga timachita kupita, titanyamula mitulo. Uyu amabwera yekha kudzagogoda pakhomo la munthu amene alibe chotula, ndipo chimene akufuna n'chakuti timutsegulire ndi kumuuza zoona za mmene zinthu zilili m'kati.

Kunena zoona kumeneko ndiko kumativuta. Mapemphero athu ambiri ndi mawu oloweza, okoma kumva, amene tingawanene maganizo ali kumsika. Yesani tsiku lina kupemphera monga mfumu imanenera za dziko lake, mosabisa: kuno kwagwa njala ya chikondi, uku kuli mlandu umene sindinauweruze, malire awa ndawalumpha, anthu awa amene munandisungitsa sindinawasamale. Pemphero lotere munthu sangalinene akuwodzera. Limawawa, koma likatha mumadziwa kuti mwayankhula ndi wina wake, ndipo mwamvedwa.

Kwa abusa ndi akulu a mpingo ndili ndi pempho. Chepetsani zolengeza, zimene m'matchalitchi ena zimatalika kuposa ulaliki, kuti anthu afike pa mawu a Mulungu asanatope. Bwezeretsani kukonzekera Mgonero monga kunalili, ndi kuyendera nyumba ndi nyumba, osati kukatolera chopereka koma kukafunsa za moyo. Mwezi wa Okutobala ukamatha, mvula ikayamba, aliyense adzakhala kumunda ndipo simudzamupezanso pakhomo. Nthawi yoyendera anthu ndi ya chilimwe. Tengani kaundula, muone maina a amene simunawaone pa gome la Ambuye chaka chino, ndipo mupite awiriawiri mukakhale nawo pamphasa.

Ndipo inu amene mukuwerenga, musadikire kuti akulu a mpingo ayambe. Sabata ino pezani Mkhristu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumupatse chilolezo choti azikufunsani mafunso ovuta, inunso muzimufunsa. Sankhani ola lanu la pemphero ndipo muwauze a m'nyumba mwanu kuti alidziwe. Lamulungu likubwerali, mukatuluka m'tchalitchi, musanayambe nkhani ina iliyonse, mufunse mwana wanu kuti abusa awerenga pati, ndipo mukhale okonzeka kuyankha iye akakubwezerani funsolo.